Za Njinga Yanga ya Nyanga za Nkhosa

Papita miyezi yambiri anthu ali kundifunsa funso limodzi lokhalokha, ena pa msika, ena ku chigayo, ena potuluka m'kachisi tsiku la Sabata, kuti, "Kodi aphunzitsi, munaganiza chiani pogula njinga yotere, inu munthu wa imvi?" Pakuti njinga imene ndikwera ine siifanana ndi njinga za m'mudzi mwathu iai. Chiwongolero chake chipindikira pansi monga nyanga za nkhosa yamphongo, matayala ake ndi oonda ngati chala cha mkombaphala, ndipo wokwerapo ayenda chowerama monga munthu wofuna singano yotayika. Ena aitcha njinga ya mpikisano, ena ya liwiro. Koma eni ake amene anaipanga aitcha njinga ya pa mseu, chifukwa mseu wosalala ndiwo kwao kwake. Ndatopa nako kuyankha mmodzi mmodzi. Chifukwa chake ndati ndilembe nkhani yonse kamodzi, zokoma ndi zowawa zomwe, kuti iye amene mtima wake uli kukhumba njinga yotere ayambe wamva za mnzake amene anatsogola.

Ine sindinali mlendo pa njinga. Atate wanga anali nayo yakuda ya Humber, yolemera ngati mwana wa ng'ombe, ndipo ndinaphunzira kupalasa pa iyo ndisanatalike, mwendo umodzi nditaupisa pansi pa chitsulo chopingasa chija, thupi lonse lili pambali, monga achitira ana kufikira lero. Njinga imeneyo inali ngolo ya banja lathu. Inasenza matumba a chimanga ndi mitolo ya fodya, inapita ndi mbuzi ku msika, ndipo usiku umene anabadwa mng'ono wanga ndiyo inanyamula amai kunka nao ku chipatala. M'mudzi njinga siikhala ya munthu mmodzi. Ikhala ya onse amene adzaibwereka tsiku la tsoka. Musunge mau amenewa, pakuti tidzakomana nao kutsogoloku.

Nditatsiriza maphunziro pa sukulu ya uphunzitsi, ndinagula yanga ya mtundu womwewo, ndipo ndinayenda nayo zaka khumi. Koma m'chaka cha 2006 ananditumiza ku sukulu kumene nyumba ya mphunzitsi inali pafupi ndi kalasi, kotero kuti belu likalira ndinali kumeza phala lotsiriza ndi kufika ana asanathe kufola. Njinga inayamba dzimbiri pakhonde, ndipo ndinaigulitsa. Zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri zinapita osaponda pedulo. Thupi nalo silinakhale chete: mimba inatsogola, mpweya unafupika, ndipo tsiku lina dotolo wa pa chipatala, atandimanga lamba wake pa mkono, anapukusa mutu nati magazi anga ali kuthamanga kopitirira muyeso, ndichepetse mchere, ndiponso ndiziyenda kufikira thukuta. Mcherewo ndinachepetsa sabata imodzi.

Tsono m'chaka cha 2023 anandisamutsanso, kunka ku sukulu imene inalibe nyumba ya mphunzitsi. Tinabwerera kukakhala kumudzi kwa mkazi wanga, kumwera kwa Nathenje, ndipo kuchokera pakhomo kufika ku sukulu ndi makilomita 14. Mwa awa 12 ndi a phula, pa mseu waukulu uja wochokera ku Lilongwe kunka ku Dedza, ndipo awiri ndi a fumbi. Poyamba ndinali kukwera minibasi m'mawa ndi madzulo. Koma m'mwezi wa Novembala chaka chomwecho ndalama yathu ya Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 pa 100, mafuta a galimoto nakwera mtengo, ndi mtengo wa ulendo unatsata pambuyo pake monga mwana atsata amake. Usiku wina ndinakhala pansi ndi pensulo, monga ndiphunzitsa ana kuchita, ndipo ndinapeza kuti mwa masiku asanu alionse amene ndigwira ntchito, tsiku limodzi lathunthu ndigwirira mwini minibasi.

Ndinabwereka njinga yakuda kwa mlamu wanga kuti ndiyese. Kalanga ine! Njira imene ndikadaiyesa masewera ndili mnyamata inanditengera ora limodzi ndi mphindi khumi ndi zisanu, ndipo pa zitunda ziwiri ndinatsika ndi kukankha. Muyenera kudziwa kuti mseu umenewu ukwera ndithu: Lilongwe ali pa mamita ngati 1,050 pamwamba pa nyanja ya mchere, koma Dedza ali pa mamita ngati 1,600, ndipo kukwerako sikuchitika kamodzi, koma mokwera ndi motsika, mokwera ndi motsika, monga mizere ya m'munda. Ndinafika pamaso pa ana malaya atamamatira kumsana, mau osatuluka. Tsiku lachitatu, ndili kukankha pa chitunda, anandipitirira munthu pa njinga yoonda, wosaimirira pa mapedulo, wosapuma mwaphuma, miyendo yake ili kuzungulira mofatsa ngati ali pa chigwa. Anandipatsa moni. Ndipo pamene ndinaona nkhope yake, ndinazindikira kuti sanali mnyamata konse, koma munthu wa msinkhu wanga.

Kuyambira tsiku lomwelo mtima wanga sunakhale pansi. Koma ndalama zimene zinali m'nyumba zinali ndi dzina kale: tinali kusungira malata, pakuti denga la chipinda chogona ana lidontha. Ndinadikira titagulitsa mtedza, ndipo madzulo ena ndinaiyamba nkhani mozungulira, monga achitira munthu wodziwa kuti mlandu wake ndi wofooka. Mkazi wanga anamvetsera kufikira nditatha, nati, "A Phiri, kodi njingayo ili ndi kaliyala?" Ndinati, "Ilibe, Nabanda." Nati, "Nanga thumba la chimanga popita ku chigayo lidzakhala pati?" Ndinayankha kuti ndalama za minibasi zikapulumuka tidzalipira wa kabaza. Anakhala chete kanthawi, nafunsanso, "Nanga wina akadwala usiku?" Pamenepo ndinalankhula zambiri za magazi anga ndi za mau a dotolo, ndipo zonsezo zinali zoona, koma funso lake sindinaliyankhe, ndipo tonse awiri tinadziwa kuti sindinaliyankhe. Potsiriza anati, "Ndalama ndi zanu, miyendo ndi yanu. Koma musapite nokha kukagula. Mutengane ndi agogo aja okonza njinga."

Ndisanakufikitseni ku msika, mundilole ndipatuke pang'ono, pakuti mphunzitsi saleka khalidwe lake. Njinga yakuda ndi njinga yoonda ndi ana a mimba imodzi. M'chaka cha 1885, mu mzinda wa Coventry ku England, John Kemp Starley anapanga njinga yotchedwa Rover, ya magudumu awiri osasiyana kwambiri kukula, yoyenda ndi tcheni; isanabwere imeneyo anthu anali kukwera pamwamba pa gudumu lalitali, ndipo ambiri anagwa chamutu. M'chaka cha 1888 John Boyd Dunlop, dotolo wa ziweto wa ku Belfast, anapanga tayala lopopa mpweya poyesa kufewetsa kanjinga ka mwana wake. Kuchokera pamenepo banja linagawikana. Ena anafuna njinga yosenza katundu ndi yopirira njira zoipa, naionjezera chitsulo. Ena anafuna liwiro ndi mtunda, nachotsa kanthu kalikonse kosafunika, makamaka utayamba mpikisano waukulu wozungulira dziko la France m'chaka cha 1903. Ndipo pali munthu mmodzi amene nkhani yake inandilimbitsa mtima, ndiye Frank Bowden. Iyeyu anabwerako ku Hong Kong thupi litafooka, ndipo dotolo anamlangiza kukwera njinga. Atachira anakondwera nayo kotero kuti analowa m'malonda a amisiri ochepa amene anali kupanga njinga pa mseu wotchedwa Raleigh Street mu mzinda wa Nottingham, ndipo dzina la Raleigh, limene agogo athu analidziwa bwino, linachokera pa mseu umenewo. Nkhaniyi ndinamuuzanso mkazi wanga. Iye anati mzunguyo analibe denga lodontha.

Loweruka lina m'mwezi wa Juni 2024 tinakwera minibasi kunka ku Lilongwe, ine ndi mkulu uja wokonza njinga pansi pa mtengo wa mango pa malo athu a malonda, munthu wosadziwa kulemba koma wodziwa chitsulo monga mai adziwa kulira kwa mwana wake. Njinga za mtundu umene ndinafuna zatsopano ndi za mtengo wosayandikika kwa mphunzitsi. Zimene tingathe ife ndi zakale, zochokera ku maiko a kutali, zoimikidwa m'mizere monga zovala za kaunjika. Tisanalowe pakati pa izo, mkuluyo anandiimika pa khoma, nandivula nsapato, naika buku pakati pa miyendo yanga, nayesa ndi chingwe kuchokera pamwamba pa bukulo kufika pansi. Tinayesa chingwecho pa rula yanga ya kusukulu: masentimita 80. Anati mwa utali umenewo titenge magawo awiri mwa atatu, ndiwo msinkhu wa felemu yondiyenera, kuyesa chitsulo choimirira chija chimene chishalo chikhalapo. Masamuwo ndinachita ndine: 53 kapena 54. Ndinazizwa, pakuti njinga zakuda tigula monga tigula khasu, osafunsa msinkhu. Koma yoonda ivalidwa monga nsapato, ndipo ikakula kapena kuchepa, msana, khosi ndi maondo ndizo zilipira.

Ndiulule kupusa kwanga. Maso anga anagwa pa njinga yofiira, yonyezimira, ya malemba oyera, ndipo ndisanaikhudze ndinali nditadziona kale ndili kulowa nayo pa bwalo la sukulu. Wogulitsa anaona nkhope yanga, nayamba kunditcha bwana. Koma mkulu uja anati, "Aphunzitsi, taimani pamwamba pake, mapazi onse pansi." Ndinayesa, ndipo chitsulo chopingasa chinandikweza pa zala za kumapazi, felemu inali ya 60. Anati payenera kutsala mpata wa zala ziwiri. Ine ndinati tingatsitse chishalo. Sanandiyankhe, koma anagwira dzanja langa, nayendetsa chala changa kunsi kwa chitsulo chotsetsereka, pafupi ndi khosi la njinga. Ndipo pamenepo ndinamva kakhwinya kakang'ono pansi pa utoto, kosaoneka ndi maso. Anati, "Iyi inagunda kanthu chamutu. Foloko anaiwongola, utoto anapaka, koma chitsulo sichiiwala. Tsiku lina pa mtsetse chidzakumbuka." Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ndinaisiya, koma ndinacheuka kawiri.

Tinatha maora atatu m'mizeremo, ndipo zimene ndinaphunzira tsiku lija zinaposa za mwezi wathunthu m'kalasi. Njinga ina yopepuka koposa, imene ndinainyamula ndi zala ziwiri, anaikana chifukwa felemu yake siinali ya chitsulo konse, koma ya ulusi wa kaboni woumbidwa ndi zomatira. Anati ikang'aluka palibe mmisiri kwathu angailumikize. Ya aluminiyamu anati ndi yabwino, koma nayonso ikathyoka ifuna moto wa mtundu wina umene owotcherera a kumudzi alibe. "Inu mukhala kutali ndi tauni," anatero, "gulani chitsulo chimene tingathe kuchiza." Gudumu lililonse analizunguza, nayang'ana ngati limu lidzandira pakati pa mabuleki, anagwedeza magudumu chammbali kuti amve ngati habu ili ndi mpata, anatsina masipoko awiri awiri. Pa tcheni anabwereka rula yanga. Misomali ya tcheni italikirana theka la inchi, kotero kuti mipata 24 ikwana mainchesi 12 osapitirira. Koma ikapitirira ndi gawo limodzi mwa asanu ndi atatu a inchi, tcheni chatha, ndipo chadya kale mano a magiya. Njinga ziwiri zinagwa pa mayeso amenewo.

Za matayala ndilembe mosamala, chifukwa apa ndi pamene ambiri ataya ndalama. Pambali pa tayala lililonse palembedwa manambala awiri, monga 28-622. Yoyambayo ndi kunenepa kwa tayala m'mamilimita. Yachiwiriyo ndi kukula kwa limu limene tayalalo likhalapo. Njinga za pa mseu za masiku ano zili ndi limu la 622, limene alitchanso 700C. Njinga zathu zakuda, za matayala a 28 x 1½, zili ndi limu la 635. Ndipo pali njinga zoonda zakale ndithu, za mainchesi 27, zimene limu lake ndi 630. Taonani, kusiyana kwake ndi kochepa, kosakwana chikhadabo. Koma tayala la imodzi silikhala pa inzake, ngakhale mulikakamize ndi supuni kufikira dzuwa kulowa. Choipa china ndi chakuti 622 ndi 635 onse awiri ogulitsa ena awatcha "28." Mkulu uja anakana njinga yabwino ya 630 chifukwa chokhachi, kuti matayala ake ndi osowa, ndipo njinga yopanda tayala ndi chopachikapo zovala.

Imene tinatenga potsiriza inali yotuwa, yokalika utoto m'mbali, dzina lake losawerengeka. Felemu ya chitsulo, ya 54, yolemera makilogalamu 11, pamene ya mlamu wanga ipitirira 20. Mtengo wake, titanenerera kufikira wogulitsa analeka kunditcha bwana, unali malipiro anga a mwezi umodzi ndi theka. Koma mkuluyo sanalole kuti tichoke pomwepo. Anawerenga mano a magiya: kutsogolo 52 ndi 39, kumbuyo lalikulu koposa 23. Anati awa ndi magiya a anyamata othamanga, nasinthitsa akumbuyo kuti lalikulu likhale la mano 28. Ndinafuna kudziwa chifukwa chake, ndipo usiku ndinachita masamu, amene pambuyo pake ndinapatsa ana a kalasi lachisanu ndi chiwiri. Gudumu likazungulira kamodzi liyenda mamita awiri ndi pang'ono. Njinga ya mlamu wanga ili ndi giya imodzi, mano 44 kutsogolo ndi 18 kumbuyo. Mukapalasa kamodzi muyenda mamita asanu ndi theka, pa chigwa ndi pa phiri chimodzimodzi, ndicho chifukwa chake titsika ndi kukankha. Pa yanga, tcheni chikakhala pa 39 ndi 28, kupalasa kamodzi ndi mamita atatu okha, ndipo chitunda chidyedwa pang'ono pang'ono monga nsima yotentha. Chikakhala pa 52 ndi 13, ndi mamita asanu ndi atatu ndi kupitirira. Chinsinsi cha munthu uja anandipitirira chinali chomwechi, si mphamvu iai. Matayala a mamilimita 23 anawachotsanso, naika a 28, atayamba waona kuti foloko ili nao mpata. Anati oonda kwambiri ndi a miseu yopanda maenje.

Chinthu chimodzi anandiuza chimene sindinamvere. Anandionetsa valavu ya chubu, yoonda, ya kamutu kopotokola, nati iyi siilandira pampu ya njinga zakuda, ndipo tayala loonda lifuna mpweya wambiri, kufikira chala chikanike kulibonya. Ndigule pampu yakeyake ndi chubu chapadera. Ndinayang'ana ndalama zotsala, ndinakumbukira malata, ndipo ndinati ndidzagula mwezi wa mawa. Iye anangoti, "Chabwino, aphunzitsi," nakwera minibasi. Ine ndinati ndipita pa njinga.

Ulendo umenewo sindidzauiwala. Poyamba ndinachita mantha, pakuti njinga yoonda imva msanga; ukangoganiza zokhota yakhota kale, ndipo mabuleki ali kutsogolo kwa nyanga zija, kumene zala zanga sizinazolowere kuwafuna. Malole anali kupita pafupi ndi chigongono changa, mphepo yao nindikankhira kunja kwa phula. Koma nditapitirira nyumba za tauni, mseu utayera, ndinayamba kumva chimene ndinagula. Inali nyengo ya mwera, mphepo ili kuomba kumaso. Ndinatsitsa manja kugwira kunsi kwa nyangazo, ndipo pomwepo inakhala ngati mphepo yachepa. Ndipo ndinazindikira kuti kuwerama kuja anthu akuseka sikuli kwachabe: pa liwiro lotere mdani wamkulu wa wopalasa ndi mpweya umene aukankha ndi chifuwa chake, ndipo wowerama aupatsa malo ochepa. Chitunda choyamba ndinakwera chikhalire. Pamwamba pake ndinaona phiri la Nkhoma patali kudzanja lamanzere, ndipo ndinaseka ndekha mokweza ngati mwana, ine munthu wa zaka makumi asanu.

Kusekako sikunakhalitse. Nditapitirira Nathenje, dzuwa litapendeka, galimoto inadza kumbuyo ndi lipenga, ndipo pothawa ndinalowa m'dzenje la m'mbali mwa phula. Tayala lakumbuyo, limene linali losakhuta bwino mpweya, linaphwa nthawi yomweyo. Anyamata a kabaza anathamangira kudzandithandiza, natulutsa chubu, ndipo tinapeza timabowo tiwiri toyandikana monga mano a njoka. Ndi m'mene chiboolera chubu chikapanidwa pakati pa limu ndi mwala. Kumata anamata bwino lomwe. Koma pofuna kupopa, pampu zitatu zinayesedwa, ndipo palibe imodzi inagwira valavu ija. Ndinayenda pansi makilomita asanu ndi limodzi mu mdima, ndili kukankha njinga imene ndinagula kuti ndileke kukankha. Nabanda anatsegula chitseko, nayang'ana ine, nayang'ana tayala, nakatenthetsa madzi osamba. Lolemba ndinatuma ndalama kwa mkulu uja kuti pampu ibwere.

Masabata awiri oyamba anali owawa. Chishalo cha njinga yotere ndi chopapatiza ndi cholimba, ndipo ndinaphunzitsa chiimire masiku onsewo, ana nayesa kuti ndayamba changu chatsopano. Khosi linauma, manja anachita dzanzi, bondo lamanja linapweteka kutsogolo. Ndinabwerera kwa mmisiri wanga ndili wokonzeka kuigulitsa. Iye anandikweza pa njinga, nati ndiike chidendene pa pedulo ili pansi penipeni. Mwendo unali wopindika, ndipo anakweza chishalo kufikira unaongoka. Ndinali nditachitsitsa ndekha chifukwa cha mantha, kuti mapazi azifika pansi. Anakwezanso chiwongolero pang'ono, nati munthu wa msinkhu wanga asapikisane ndi anyamata pa kuwerama, ndiponso ndizisuntha manja, pena pamwamba, pena pa mabuleki, pena kunsi. Bondo linaleka sabata yomweyo. Zina zinaleka zokha thupi litazolowera.

Pofika mwezi wa Okutobala ndinali kufika ku sukulu m'mphindi makumi anai, osatsika pa chitunda chilichonse, ndipo lamba wa buluku ndinamboola bowo latsopano. Dotolo anayesanso magazi nati atsikako, koma mankhwala ndisaleke, sindinaleke. Ndinagula chisoti cholimba cha kumutu ndi kanyali kofiira ka kumbuyo, pakuti pa mseu umenewu wokwera njinga ndiye wamng'ono mwa onse. Zovuta zake nazo sizinabisale. Tayala likatha liyenera kuchokera ku tauni. Pa mchenga njingayi iyenda ngati woledzera. Ndipo mvula itagwa, makilomita awiri a fumbi aja anasanduka matope onanda, amene anatseka mpata wa pakati pa tayala ndi foloko kufikira gudumu linakana kuzungulira. Tsono ndinali kuisenza pa phewa kufikira pa phula, ana a m'mudzi ali kuimba m'mbuyo mwanga kuti njinga yakwera aphunzitsi.

Funso lija sindinaliyankhe linadza kudzafuna yankho lake m'mwezi wa Febuluwale 2025. Mwana wathu wotsiriza, wamkazi wa zaka zisanu ndi zinai, anatentha thupi madzulo, ndipo pakati pa usiku anayamba kubwebweta ndi kusanza. Chipatala chaching'ono chili pa makilomita asanu ndi awiri, njira yake ya fumbi. Ndinatuluka pakhonde ndi nyali, ndipo njinga yanga inali pomwepo, yopukutidwa, yothiridwa mafuta, matayala olimba. Ndipo panalibe pokhazika mwana, panalibe pokhala amake omgwira. Ndinathamanga kwa mlamu wanga, koma iye anali atapita nayo yake ku maliro kutsidya. Ndinagogoda nyumba yachiwiri, ndi yachitatu. Pa yachinai mkulu wina, amene ndinali nditamseka mumtima chifukwa cha njinga yake yomangidwa ndi mawaya, anaitulutsa osafunsa kanthu. Pa iyo tinapita, mwana ali pakati pa ine ndi amake, ndipo miyendo imene inatifikitsa msanga ndi yomwe ija inalimba pa njinga yoonda. Koma sindinena ichi kuti ndidzilungamitse, pakuti theka la ora linatayika pa zitseko za eni. Anali malungo. Anamlandira, nampatsa mankhwala, ndipo patapita masiku atatu tinabwera naye ali kudya.

Mkazi wanga sananene mau amodzi onditsutsa, pa njira kapena pambuyo pake. Ndikadakonda akadanena. Ndinalingalira zoigulitsa, ndipo ndinafika pomuuza. Iye anati, "Mukaigulitsa mubwerera ku minibasi, ndi mimba ibwereranso. A Phiri, ndalama zija munati zidzapulumuka zili kuti?" Zinalipo, pakuti kuyambira tsiku loyamba ndinali kuponya mtengo wa ulendo m'chitini tsiku lililonse limene ndinapita pa njinga, ndi kuchotsamo za matayala ndi zigamba zokha. Tinakhuthula chitinicho pa mphasa ndi kuwerenga. Zinali zokwana malata asanu ndi limodzi, kapena njinga yakuda yogwirapo kale ntchito. Ndinati asankhe ndiye. Anayang'ana kudenga nthawi yaitali.

Sabata yotsatira mkulu uja anatipezera yakuda, ya kaliyala wa zitsulo zonenepa ndi mabuleki a ndodo, ndipo anaiyesa monga anayesera yanga, ngakhale kakhwinya ka pansi pa utoto anakafuna. Nabanda anali asanakwere njinga chiyambire utsikana wake, ndipo anagwa kawiri kuseri kwa nkhokwe kumene anati anthu asamuone. Tsopano apita nayo ku chigayo ndi ku munda wa kudimba, ndipo yabwerekedwa kale kanai usiku. Loweruka tipita ku msika tonse awiri, iye patsogolo ndi thumba, ine pambuyo wopanda kanthu, ndili kugwira mabuleki kuti ndisampitirire. Ndipo amai a pa chitsime anena mokweza, kuti timve, kuti kwa aphunzitsi katundu asenza ndi mkazi. Malata sitinagulebe. Chitini chayambanso kulemera, ndipo kufikira chitadzala, mphasa ya ana tiikokera ku khoma la kum'mawa mvula ikayamba, ndi beseni tiliika pamene padontha.